KANYALI KOFIIRA PA CALA CA MWANA

Mu komboni ya Kanyama, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, muli bambo wina wacikulire amene nchito yao ndi kukonza mawailesi, matochi ndi mafoni. Kwao ndi ku Katete, ndipo anadza m'tauni ali mnyamata, m'masiku amene basi ya UBZ inali kutha tsiku lathunthu pa mseu wa Great East. Kantemba kao ndi ka malata, kali m'mphepete mwa njira yopita ku msika, ndipo wofika pamenepo amawapeza atawerama pa thebulo, magalasi ali pamphuno, alikusanthula m'mimba mwa cinthu cina cimene mwini wake anataya naco mtima.

Anthu a msinkhu wao amakumbukira mabatiri a Spark, amene anali kupangidwa ku Mansa m'cigawo ca Luapula, pa fakitale imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi kudzatsekedwa pambuyo pake. Batiri likafooka, anyamata a kumudzi anali kuliyanika pa dzuwa, kuti madzulo wailesi ilankhuleko pang'ono pa nthawi ya nkhani. Mkuluyu anayambira pamenepo kudzifunsa kuti kodi m'kati mwa batiri muli ciani, ndipo cidwi cimeneco ndico cawadyetsa moyo wao wonse. Koma sanadziwe kuti atakalamba, kanthu kakang'ono ka mabatiri awiri kadzawaphunzitsa zimene zaka zonse za pa kantemba sizinawaphunzitse.

Caka ca 2024 mvula inakana. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo popeza magetsi ambiri a dziko lino amacokera ku mphamvu ya madzi, mdima unalowa m'makomboni. Pofika mwezi wa Seputembala nyumba zambiri zinali kukhala maola 21 pa tsiku popanda magetsi. M'nyengo imeneyo bambo wathuyu anayamba kutola mabatiri a makompyuta akale, kuwang'amba mosamala, kusankhamo timabatiri tamoyo ndi kutaya takufa, nkupanga nyali zochaja zimene zinali kuyaka usiku wonse. Anali kucenjeza wogula aliyense kuti asaike nyaliyo pafupi ndi mbaula, cifukwa batiri la mtundu umenewu likatentha kapena kubooledwa limabuka moto.

USIKU WA MU JULAYE

M'nyumba mwao munali kukhala mkazi wao, mwana wao wamkazi, ndi kamdzukulu kakakazi ka caka cimodzi ndi miyezi iwiri. Mwezi wa Julaye, mphepo iri pa cimake, mwanayo anayamba kutsokomola. Masiku awiri anapita, onse akuti ndi cimfine. Usiku wa tsiku lacitatu, pakati pa usiku, mai wa mwanayo anagogoda ku cipinda ca makolo ake.

"Atate, mwana sakugona, ndipo bere akukana," iye anatero.

Ambuya akazi anagwira mwanayo pamphumi nati, "Thupi latentha, inde, koma ino ndi mphepo ya Julaye cabe. Inu bambo, tiyeni tidikire kuce. Usiku uno tipita naye kuti?"

Mau amenewa sanali a ulesi kapena a kusakonda mwana. Amene anakhalapo mu Kanyama adziwa kuti tinjira ta m'kati ndi ta miyala ndi maenje, galimoto silowamo, ndipo kuyenda usiku mu mdima wotere kuli ndi zoopsa zake. Koma ambuya amuna anayatsa nyali yao ija, nauza mwana wao kuti abvule kamwanako malaya. Pamene anaunika, anaona kuti pokoka mpweya, m'munsi mwa cifuwa munali kulowa m'kati m'malo motukuka. Anakumbukira zimene mwana wao anabwera nazo tsiku lina kucokera ku sikelo, zonena za kuwerenga mapumidwe a mwana. Anabvula wochi ya pa mkono, naiika pafupi ndi nyali, nawerenga kwa mphindi imodzi yathunthu. Anapeza 56. Anabwerezanso, napeza 58.

A zaumoyo amaphunzitsa kuti mwana wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, wa miyezi iwiri kufika miyezi 11 akapuma ka 50, ndi wa caka cimodzi kufika zaka zisanu akapuma ka 40, kumeneko ndi kupuma mofulumira, ndipo kawirikawiri ndi cizindikiro ca cibayo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'caka ca 2019 cibayo cinapha ana oposa 740,000 osakwana zaka zisanu pa dziko lapansi.

"Amai, uyu sangadikire kuca," anatero mkuluyo kwa mkazi wao. "Mwananga, bereka mwana, tiye."

Anatuluka, iwo patsogolo ndi nyali, mai wa mwana pambuyo. Anayenda pansi kufikira ku mseu wa phula, kumene anadzutsa mnansi wina woyendetsa takisi, amene anawafikitsa ku cipatala ca m'komboni tambala woyamba asanalire.

NAMBALA ZIWIRI

Namwino amene anawalandira sanathamangire makina. Poyamba anakweza malaya a mwana nayang'ana cifuwa, anawerenga mapumidwe, natsegula kakamwa kuyang'ana lilime ndi nkhama. Atatero, anatenga kanthu konga kopanira zobvala pa cingwe, nakapana ku cala cacikulu ca kuphazi kwa mwanayo. M'kati mwake munayaka kanyali kofiira, kala konse kanawala ngati khala la moto, ndipo pa kagalasi panaoneka nambala ziwiri. Ya pamwamba inali 86.

"A sisita, nambala imeneyi ikuti bwanji?" anafunsa ambuyawo.

"Ambuya, iyi ikutiuza kuculuka kwa mpweya wa okosijeni m'magazi a mwana. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kufika 100. Ikatsika pansi pa 90, ndiye kuti mapapo akulephera nchito yao, ndipo tiyenera kumupatsa okosijeni tsopano lino. Inayi ndi kugunda kwa mtima. Mwacita bwino osadikira m'mawa."

Anamuika timapaipi m'mphuno, nam'baya jekeseni ya mankhwala opha tizilombo. Mkuluyo anakhala pa benchi, maso ali pa kagalasi kaja. Nambala inafika 89, kenaka 92, ndipo kunja kukuyera inali pa 96. Mwanayo anagona m'cipatala masiku anai, natuluka akuyamwa ndi kusewera.

Anthu onse a pa nyumbapo anayamika Mulungu ndi anamwino, nkhani nkutha. Koma kwa munthu amene wakhala zaka zambiri akutsegula zinthu kuti aone za m'kati, nkhani inali itangoyamba. Kanthu kosabaya, kosatenga magazi, kanadziwa bwanji za m'magazi? Patapita sabata anapita m'tauni, nagula kamodzi m'sitolo ya mankhwala, nabwera nako ku kantemba, nakamasula. Anapezamo zinthu zocepa modabwitsa: timabatiri tiwiri tonga ta m'karimoti ka wailesi ya kanema, tinyali tiwiri mbali imodzi, kadiso kolandira kuwala mbali inayo, ndi kabolodi kakang'ono kowerengera.

Mwana wa mlongo wao, amene anali kuphunzira za makina a cipatala pa koleji ina ku Ndola, anabwera pa chuti nawapeza ali cikhalire ndi zidutswazo.

"Iwe, kodi kuwala kofiiraku ndi laser imene timamva ija?" anafunsa.

"Iai amalume, ndi tinyali wamba, abale ake a tinyali timene mumaika m'nyali zanu. Nzeru siiri mu nyali, iri m'kawerengedwe."

Cida cimeneci dzina lake ndi pulse oximeter. Kanyali kamodzi kamatulutsa kuwala kofiira, kena kamatulutsa kuwala kumene maso a munthu sakuona, kochedwa infrared. Magazi odzala ndi okosijeni amakhala ofiira kwambiri, motero amalola kuwala kofiira kupyola, koma amameza kwambiri kuwala kosaoneka kuja. Magazi osowa okosijeni amakhala oderako, ndipo amameza kwambiri kuwala kofiira. Kadiso ka tsidya lina la cala kamayesa kuwala kumene kwapyola, ndipo kabolodi kamayerekeza mitundu iwiriyo. Bvuto ndi lakuti m'cala mulinso khungu, mnofu, fupa ndi cikhadabo, ndipo zonsezi zimameza kuwala. Munthu angasiyanitse bwanji za magazi ndi za fupa?

MUNTHU WA KU JAPAN

Yankho analipeza ndi katswiri wa zamagetsi wa ku Japan, a Takuo Aoyagi, amene anali kugwira nchito pa kampani ya Nihon Kohden. M'caka ca 1972 iwo anali kuyesa kupima magazi amene mtima umapopa, pounika khutu la munthu. Kugunda kwa mtima kunali kuwasokoneza, cifukwa mtima ukagunda mitsempha imatupa pang'ono ndipo kuwala kopyola kumasintha. Poyesa kucotsa cosokonezaco, anazindikira kuti ndico cinali cuma. Fupa siligunda, khungu siligunda. Cogunda ndi magazi okha ocokera ku mtima. Ukayesa mbali yogundayo yokha, wayesa magazi. Ndico cifukwa cake cidaci cimapereka nambala ziwiri nthawi imodzi.

Bambo wa ku Kanyama atamva zimenezi anaseka, cifukwa wokonza mawailesi aliyense adziwa kuti phokoso limene mwini wailesi amadandaula nalo ndilo limauza mmisiri pamene pali matenda.

M'mwezi wa Marichi 1974 kampani ya a Aoyagi inapempha patenti ku boma la Japan. Patenti ndi cikalata cimene boma limapereka kwa munthu wotulukira cinthu catsopano. Ndi pangano la mbali ziwiri. Wotulukirayo amalemba poyera zonse za m'mene cinthu cake cimagwirira nchito, osabisa kanthu. Boma nalo limaletsa ena kupanga kapena kugulitsa cinthuco popanda cilolezo cake, kwa zaka 20 monga mwa malamulo a masiku ano. Zakazo zikatha, nzeruyo imakhala ya aliyense. Ziri ngati munthu wotsegula mphanje, amene amadya zokolola zake kwa nyengo yoikika, pambuyo pake munda nkubwerera kwa mudzi.

Patenti imagwira nchito m'dziko limene yalembetsedwa mokha. Kampani ya a Aoyagi sinalembetse kunja kwa Japan, ndipo makampani ena, makamaka a ku America m'zaka za m'ma 1980, ndiwo anakonza cidaci bwino ndi kupeza naco cuma. Lero nzeru yoyambirira ija iribe mwini, mafakitale ambiri amacipanga, ndipo ndico cifukwa cake munthu wa pa kantemba anatha kucigula ndi ndalama za m'thumba. A Aoyagi anamwalira mu Epulo 2020 ali ndi zaka 84, patangopita mwezi umodzi kucokera pa 18 Marichi, tsiku limene odwala oyamba a Covid-19 analengezedwa m'Zambia. Anatsikira kuli cete pa nthawi imene cida cao cinali pa zala za odwala m'zipatala za dziko lonse lapansi.

WOLIMA NDI WOKOLOLA

Nkhani imeneyi inakhudza mkuluyu pa bala lao. Nyali zao zija zinali zitayenda malonda miyezi iwiri yokha, pamene anyamata ena anagula imodzi, naimasula, nayamba kupanga zao ndi kugulitsa mochipa. Iwo anadandaula kwa mwana wa mlongo wao kuti anaberedwa nzeru.

Mnyamatayo anawauza zoona mwaulemu. "Amalume, nyali yanu ndi yabwino, koma boma silikanakupatsani patenti. Cinthu ciyenera kukhala catsopano pa dziko lonse, ndiponso cisanaonetsedwe kapena kugulitsidwa poyera. Ndipo batiri limene muli kugwiritsa nchitolo, mmodzi wa eni ake enieni sanadyepo kanthu."

Anali kunena za a John Goodenough, amene m'caka ca 1980, pa yunivesite ya Oxford ku England, anapeza kuti msanganizo wa lithium ndi kobalti umapanga mbali imodzi ya batiri lamphamvu lochajika. Yunivesiteyo sinafune kulipira patenti, ndipo iwo anapereka umwini wao ku bungwe lina la boma la Britain, osalandirapo gawo la phindu. A Akira Yoshino a ku Japan anapitiriza nchitoyo mu 1985, ndipo kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatiri otere mu 1991. Ndiwo ali m'mafoni, m'makompyuta ndi m'makina ambiri a cipatala onyamula m'manja. A Goodenough analandira mphoto ya Nobel mu 2019, pamodzi ndi a Yoshino ndi a Stanley Whittingham, ali ndi zaka 97. Kobalti amene amalowa m'mabatiri otere, wambiri amakumbidwa ku Congo, ndipo wina amacokera m'migodi ya ku Copperbelt kuno. Mwala umacoka pafupi, nkubwerera uli batiri la mtengo wapatali.

Nayo laser, imene mkuluyu anafunsa, iri ndi mlandu wake. Laser ndi kuwala kopanikizidwa, koyenda mu mzere umodzi woongoka, kumene madokotala amacita nako maopaleshoni a maso. Mu Novembala 1957 wophunzira wina wa ku America, a Gordon Gould, analemba maganizo ao a cida cimeneci m'kabuku, nakadindisa kwa mboni ya lamulo. Koma anacedwa kupempha patenti, poganiza kuti ayenera kuyamba apanga cida cogwira nchito. Ena anawapitirira, ndipo laser yoyamba anaiyatsa ndi a Theodore Maiman mu 1960. A Gould analimbana m'makhoti zaka pafupifupi 30, nalandira patenti ya laser mu 1977. Mboni yao yaikulu inali kabuku kaja ka masiku olembedwa. Mu 1988 dokotala wamkazi wakuda wa ku America, a Patricia Bath, analandira patenti ya cida cocotsera ng'ala m'maso ndi laser.

Bambo wa ku Kanyama anadabwa kumva kuti nkhani za mapatenti ziri ndi mizu mu mzinda womwe akhalamo. Pa 9 Disembala 1976 maiko a mu Africa anasaina mu Lusaka pangano limene linabala bungwe lochedwa ARIPO tsopano, limene likulu lake liri ku Harare, ndipo kudzera mwa ilo munthu angapemphe citetezo ca cinthu cake m'maiko angapo ndi pempho limodzi. M'Zambia muno ofesi yolembetsa ndi ya PACRA, pansi pa lamulo la mapatenti la caka ca 2016. Khomo liripo, ngakhale amisiri ambiri a m'makomboni ndi a kumidzi sanaligogodepo.

Koma mkuluyu adziwanso kuti mpanda umene umateteza munda ndi womwenso umatsekera wanjala kunja. Anaika m'manda abale ao m'zaka za m'ma 1990, pamene mankhwala otalikitsa moyo a odwala Edzi analipo kale ku maiko olemera koma mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pa caka. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalonjeza mankhwala omwewo pa madola 350, ndipo mu 2004 boma la Zambia linapereka cilolezo capadera cakuti mankhwalawo apangidwe ngakhale panali mapatenti. Motero iwo sanena kuti patenti ndi yabwino kapena yoipa. Amati ndi mpeni: umasenda mbatata, umacekanso cala.

CIMENE KANYALI SIKAONA

Panali cinthu cimodzi cimene mnyamata wa ku Ndola anasunga mpaka potsiriza, ndipo ndico cinawasowetsa tulo amalume ake. Mu Disembala 2020 madokotala a pa yunivesite ya Michigan ku America anafalitsa zimene anapeza atayerekeza nambala ya pa cala ndi magazi enieni otengedwa mu mtsempha. Pakati pa odwala amene cida cinali kuonetsa 92 kufika 96, ena anali ndi okosijeni wotsika kwambiri, pansi pa 88. Mwa odwala oyera khungu, zotere zinapezeka pafupifupi ka 4 pa 100. Mwa odwala akuda, pafupifupi ka 12 pa 100. Ndiko kunena kuti cidaci cimanamiza munthu wakuda katatu kuposa mzungu, ndipo cimanamiza ku mbali yoopsa, kumuuza kuti ali bwino pamene sali bwino. Khungu lakuda limameza kuwala mosiyana, ndipo zida zambiri zinayesedwa pa anthu oyera khungu pamene anali kuzilinganiza.

Apa pali comvetsa cisoni. Munthu woyera akasowa okosijeni, milomo ndi zala zimabiriwira moonekeratu. Pa munthu wakuda kubiriwirako ndi kobvuta kuona. Amene afunikitsa cidaci ndi yemwenso cimamuona mwacimbuuzi. Sikuti opanga anali ndi nkhanza. Mmisiri amasoka malaya poyesa munthu amene waima patsogolo pake, ndipo mwana wa ku Kanyama sanali m'cipinda cimene cidaci cinayesedwamo.

Pali zinanso zimene zimacisokoneza: zala zozizira, utoto wa pa zikhadabo, ndi mwana wophiriphitha. Coopsa koposa ndi mbaula. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Magazi otero amakhalabe ofiira, ndipo kanyali ka pa cala kamaonetsa nambala yabwino pamene munthu alikufa. Wokomoka kapena womva mutu ndi cizungulire m'nyumba ya mbaula ayenera kutulutsidwa panja ndi kuthamangitsidwa ku cipatala, nambala inene zimene inganene.

Mkuluyo atamva zonsezi anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anakumbukira usiku uja, ndi dongosolo limene namwino anatsata: cifuwa poyamba, mapumidwe, lilime, ndipo makina pambuyo. Anazindikira kuti mai uja sanacite zimenezo mwa cizolowezi cabe. Cida cikanaonetsa 93, iye akanakhulupirirabe maso ake. Anazindikiranso kuti nambala yoyamba imene inapulumutsa mdzukulu wao siinali 86 ya pa kagalasi, koma 56 imene anawerenga okha ndi wochi yakale pansi pa nyali ya mabatiri otola. Cida cinali kudikira ku cipatala. Sicikanabwera cokha kudzagogoda pa khomo.

KATUNDU WOPITA KU KATETE

Poyamba iwo anali ataganiza zomanganso kacida kaja ndi kukatumiza kwa mlongo wao kumudzi, kumene cipatala ciri kutali ndipo wodwala amapita pa ngolo ya ng'ombe kapena pa njinga. Atalingalira, anasintha maganizo. Anaopa kuti usiku wina mwana adzadwala, anthu adzamupana cala, adzaona 94, nadzati tidikire kuce. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Cida cotere malo ake ndi m'manja mwa munthu wophunzitsidwa, amene ali ndi okosijeni ndi mankhwala pafupi, ndipo kholo lofika ku cipatala ndi mwana wobanika lingapemphe mwaulemu kuti amupime naco ngati ciripo.

M'malo mwake anamanga katundu wina. Anaikamo nyali imodzi yochajika ndi kasola kake, nkoloko ya pa khoma yokhala ndi muvi wa masekondi, ndi pepala limene analembapo ndi zilembo zazikulu nambala zitatu zija, 60, 50 ndi 40, iriyonse ndi msinkhu wake. Pansi pake analemba kuti mwana awerengedwe ali phee, osati akulira, ndi kuti ngati m'munsi mwa cifuwa mukulowa, kapena akukana kuyamwa ndi kumwa, akusanza ciriconse, akukomoka, kapena ali lefu osadzuka, asawerengenso kanthu koma anyamuke nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Anakumbutsanso mlongo wao kuti katemera woteteza ku cibayo, amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko lino mu 2013, amapezeka ku sikelo kwaulere, ndi kuti mwana asamagonekedwe mu utsi wa kukhichini.

Kacida kaja anakamanga bwinobwino, ndipo kali pa shelefu ya kantemba. Makasitomala akafunsa, amawapana cala nawaonetsa nambala yao, koma salola munthu kucoka asanamve kuti kanyaliko kali ndi zimene sikaona.

Anagulanso buku la cikuto colimba. Madzulo alionse, asanatseke kantemba, amalembamo tsiku ndi mwezi, ndi kujambula zimene ayesa tsiku limenelo. Mkazi wao anawaseka poyamba, nati, "Inu bambo, mwayambanso sukulu ndi imvi zimenezi?" Iwo anayankha kuti mwina m'bukumo simudzatuluka kanthu, koma mwana wa mlongo wao akadzamaliza maphunziro adzalipeza, ndipo tsiku lina cida coyesedwa pa khungu la anthu a kuno ciyenera kupangidwa ndi munthu amene anabadwa nalo khungulo.

Kamdzukulu kaja tsopano kamathamanga, ndipo mai wake akapita ku msika amakasiya pa kantemba. Nchito yake yaikulu ndi kubisa masikuludiraiva a ambuya ake ndi kuloza pa shelefu, kulirira kuti akayatsire kanyali kofiira. Ambuyawo amakapana kala, nkudikira nambala. Koma ngakhale ioneke 98, maso ao amayamba atsikira pa cifuwa ca mwanayo, ndipo milomo yao imaoneka ikuwerenga.